Nyengo Imene Anatimana Moto ku Chawama

Chilata chopalira moto chinali chidutswa cha lata lakale la padenga. Mbali imodzi atate anaipinda ndi hamala kuti isamanditenthe zala, ndipo mbali inayo inali yakuda ndi yopyapyala chifukwa chodyeka ndi makala a mbaula za anthu onse a payadi pathu ku Chawama. Chinkakhala kuseri kwa chitseko, pafupi ndi tsache. Ndikachikumbukira lero ndimamva fungo la phulusa ndi kuzizira kwa Juni kulowa m'miyendo, poti ntchito ya chilatacho inali yanga, ndipo inali ya m'mamawa.

Payadi pathu panali mzere wa zipinda za lendi, zonse za alandiledi, mayi wamkulu wotupa miyendo amene ankakhala m'nyumba yakutsogolo. Ine ndi amayi tinali m'chipinda chapakati. Aliyense ankadziwa mwambo wa pamenepo: amene wayamba kukoleza mbaula ndiye mwini moto wa tsikulo, ndipo ana a m'zipinda zina ankabwera ndi zilata zawo kudzapala. Machesi analipo pa kantemba, kagolosale ka pafupi, musaganize kuti tinkakhala m'tchire. Kungoti makala amene tinkagula anali zinyenyeswa za pansi pa thumba, ndipo kuziyatsa ndi machesi pamphepo kunali kudzizunza. Komanso kupala moto ndiye kunali moni wathu. Mwana akafika ndi chilata ankafunsidwa mmene kwachera kwawo, ndipo pobwerera ankanyamula makala ofiira pamodzi ndi nkhani zonse za payadi.

Zinali zaka zimene makampani ankagulitsidwa, abambo ambiri n'kumangokhala pamthunzi kusewera nsolo masana onse. Atate anga anali m'gulu lomwelo. Anabwera kunyumba tsiku lina ndi ovolosi yawo m'pepala la pulasitiki, ndipo pasanapite nthawi anayamba kutsokomola ndi kuwonda. Matendawo sankatchulidwa dzina. Anthu ankangoti ndi matenda a masiku ano, n'kuyang'ana kumbali. Amayi anawasamalira okha mpaka tsiku lomaliza, ndipo achibale a atate anangobwera pambuyo kudzatenga wailesi ndi njinga. Nyengo yozizira imene ndikukambayi inali yotsatira malirowo.

Amayi anabadwira mu Lusaka momwemo, koma kunyumba ankalankhula Chichewa cha makolo awo amene anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito. Tchalitchi chimene tinkapita anamanga nawo ndi atate awo. Ankagulitsa zitumbuwa pageti la sukulu yanga, ndipo Lachinayi lililonse ankavala bulauzi yoyera ndi duku loyera n'kupita kukapemphera ndi amayi anzawo. Sanali munthu wolankhula za Mulungu m'njira. Atate atamwalira anangoyamba kachitidwe kena: akamva kuti m'nyumba yakutiyakuti muli wodwala amene abale amuthawa, ankanyamula beseni lawo n'kupita.

M'chipinda chakumapeto, pafupi ndi chimbudzi, munkakhala mayi wina amene ana tonse tinkamutcha aanti, ngakhale sanali m'bale wa aliyense. Ankaoda salaula, zovala zakaunjika, n'kumakagulitsa kutali, ndipo anali ndi mawigi ndi nsapato za gogoda zimene ine ndinkaziona ngati chuma cha dziko lonse. Analibe mwana, choncho moto ankadzapala okha ndi chivundikiro cha poto, akuseka, n'kutisiyira chingamu. Mvula itasiya anayamba kubwera mochedwa. Kenaka anasiyiratu. Alongo awo ankafika nthawi zina, kusiya kapaketi ka ufa pakhomo, kugogoda kamodzi n'kumapita osadikira kuti chitseko chitseguke. Amayi ndiwo anazindikira kuti m'chipindamo simukutulukanso utsi. Anatenga chilata changa, kuikapo makala, n'kupita okha.

Kuyambira tsikulo m'mawa uliwonse unkayenda chimodzimodzi. Ine ndinkapala moto, amayi n'kutereka chitini chachikulu cha madzi, n'kuwathira m'beseni, n'kuviikamo chigongono kuti amve kutentha kwake. Ankamanga mapepala a pulasitiki m'manja, kufunditsa beseni ndi chitenje kuti mphepo isawaziziritse, n'kudutsa pabwalo. Ine sindinkaloledwa kulowa. Ndinkaima pakhomo ndi thaulo, kumvera madzi akudontha ndi amayi akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Tsiku lina nditadandaula kuti tikuchedwa chifukwa cha madzi amenewa, anandiyang'ana n'kunena kuti wodwala sasambitsidwa ndi madzi ozizira ngati mbale. Sindinadandaulenso mokweza.

Chaka chimenecho mipingo yatsopano inali ikumera paliponse, ndipo Lamlungu makalasi a pasukulu pathu ankasanduka matchalitchi. Kalasi yathu inagwa m'manja mwa mnyamata wina wa suti yapasalaula ya mabatani mbali ziwiri. Anali ndi sipika ya mabatire ndi womasulira amene ankatembenuza Chingerezi chake kuti ife timve, pamene tonse tinkadziwa kuti m'busayo anakulira mu Chawama momwemo ndipo dzana lomweli ankaitanira anthu pa maminibasi. Lero ndimatha kumuseka. Panthawiyo panalibe womuseka, chifukwa anthu anali atatopa ndi kuika maliro ndipo iye yekha ndiye ankati akudziwa chimene chikuwapha. Alandiledi anayamba kupita kumeneko chifukwa cha miyendo yawo ndi mwana wawo wamwamuna amene ntchito inkamukana.

Alandilediwo anamuitana m'busayo kuti adzapempherere yadi. Iye anazungulira pabwalo atatsinzina, akununkhiza ngati wina wapsereza nyemba, n'kunena kuti pano pali mzimu wa imfa. Tonse tinayang'ana kuchipinda chakumapeto. Koma iye anadutsa chipindacho n'kudzaima pakhomo pathu. Anati muno muli mkazi amene anamaliza mwamuna wake, ndipo tsopano amayenda ndi beseni. Paliponse pamene walowa, pamatuluka bokosi. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti anthu akanatha kuwerenga nyumbazo ndi zala n'kupeza kuti sakunama. Kumene amayi ankalowa kunkachitikadi maliro, chifukwa ankalowa kumene ena onse anali atathawa kale. Asanachoke anachenjeza kuti mzimu wotere umayenda ndi zinthu zobwerekana, mchere, singano ndi moto.

Kutacha ndinatenga chilata monga mwa masiku onse. Ndinayambira kwa mkazi wa mmisiri womanga nyumba amene anali woyandikana nafe, mayi amene ankandiluka tsitsi Loweruka. Mbaula yake inali psuu patsogolo pake.

"Kulibe mulilo, mwana," anatero osandiyang'ana.

Ndinaloza mbaulayo, poganiza kuti akundiseka.

"Nakamba kulibe. Yenda."

Ndinayenda khomo ndi khomo, ndipo paliponse moto unali kulibe. Ana anzanga ankadutsana nane ndi zilata zofuka utsi, maso ali pansi. Pomaliza ndinafika kwa alandiledi, amene anali atakhala pampando miyendo ili m'madzi amchere. Iwo sanabise. Anati, "Ukauze bamai bako ati mulilo wanga siuyenda ku nyumba ya imfa." Ndinabwerera ndi chilata chozizira. Ndinachita manyazi kwambiri moti ndinachibisa m'diresi ngati ndachiba.

Amayi sanafunse kawiri. Anagwada pambaula ndi machesi ndi kapulasitiki, n'kuuzira mpaka misozi ya utsi inatsika m'masaya. Madzi anachedwa tsikulo, koma anafika kwa aanti ali ofunda. Kenaka anaphunzira kukwirira makala m'phulusa kuti afike m'mawa. Nthawi zina ankafika, nthawi zina tinkapeza phulusa lokhalokha. Zikatero ndinkayenda mpaka kuseri kwa msika, kwa mayi wina wowotcha chinangwa amene sankatidziwa, n'kubwerera ndikuthamanga, dzanja limodzi likutchinga mphepo, makala akuchepa ndikuwaona. Fumbi linkandilowa m'mano, zala za kumapazi zitauma. Ndipo ngakhale tsiku limene mbaula yathu inali yoyamba kuyaka payadi ponse, palibe mwana amene anabwera kudzapala. Chimenecho chinkandiwawa kuposa kumanidwa.

Nkhani inatuluka payadi n'kulowa m'komboni monse. Pampopi azimayi ena ankasuntha zidebe zawo kuti zisakhudzane ndi chathu. Zitumbuwa zinayamba kubwerera kunyumba, zolimba, mafuta ataundana, ndipo ndizo tinkadya m'mawa ndi madzulo. Kusukulu benchi yanga inatsala ndi ine ndekha, ndipo mawu akuti satanisti ndinawamva koyamba akunenedwa kumbuyo kwanga ndi mtsikana amene ndinkasewera naye waida. Aphunzitsi athu, mayi wamfupi wokalipa, anandisamutsira kutsogolo osanena chifukwa. M'mawa uliwonse ankaima pageti, kugula chitumbuwa, n'kuchidya pomwepo pang'onopang'ono anthu akuona. Ndimawathokoza mpaka pano. Koma pakamwa pamodzi sipakanamaliza beseni lonse, ndipo iwonso anali ndi ana awo owaopera.

Ine ndinkadikira kuti a kutchalitchi kwathu abwera kudzatimenyera nkhondo. Anabwera akulu a mpingo amodzi, bambo wa imvi amene anaika atate m'manda. Anakhala pakhomo, anakana tiyi. Anati amayi apumule kaye pantchitoyi mpaka fumbi litakhazikika, poti mpingo ukutha, anthu akuthawira kwa m'busa wa kusukulu uja, ndipo dzina la amayi likutchulidwa pamodzi ndi dzina la tchalitchi. Amayi anafunsa mwaulemu kuti pamene iwo akupumulapo, wodwalayo amusambitsa ndani. Akuluwo anayang'ana nsapato zawo, n'kunena kuti tipemphere. Anapemphera pemphero lalitali labwino, n'kunyamuka. Lachinayi lotsatira amayi anavala bulauzi yawo yoyera n'kupita, koma anabwerako msanga, ndipo sananene chimene chinachitika.

Alandiledi anabwera ndi mawu omaliza. Amayi apite kusukulu Lamlungu, akaime kutsogolo, m'busa awachotse mzimu, beseni litenthedwe, ndipo asadzapondenso kuchipinda chakumapeto. Akakana, achoke payadi.

Madzulo ake anabwera amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, amene ankakankha wilibala kumsika waukulu wa m'tauni n'kumakhala ku Kanyama. Anali munthu wanthabwala, koma tsikulo analibe nthabwala. Anati iwo anawaonapo anthu akugwa m'matchalitchi amenewa, ndipo palibe chovuta: akakukankha pamphumi umangodzisiya, amayi awiri amakuwakha kumbuyo, umagona pang'ono, n'kudzuka aliyense akuomba m'manja. Anati Mulungu amaona mumtima, sangakwiye ndi kugwa kwa Lamlungu limodzi. Anati kwawo ndi chipinda chimodzi chimene madzi amalowamo mvula ikagwa.

"Achemwali, ganizirani mwanayu," anatero akundiloza.

"Ndikumuganizira," anayankha amayi. "Ndikagwa, ndavomera pamaso pake kuti atate ake ndinawapha ndine. Ndipo ndikadzuka pamenepo, uja wakumapeto adzagona m'zonyansa zake mpaka afe. Ambuye ndidzawauza kuti chiyani?"

Amalume anamenya chipewa chawo pabondo n'kunena kuti Ambuyewo ndiye sakulipira lendi. Amayi sanawadzudzule. Anangowathirira tiyi wopanda shuga n'kuwapatsa chitumbuwa cha dzulo.

Ine ndinali kumbali ya amalume ndi mtima wanga wonse. Ndinkafuna amayi agwe. Ndinkafuna tsitsi langa lilukidwe Loweruka, ndinkafuna wina akhale nane pabenchi. Aanti ndinali nditasiya kuwamvera chisoni. Kwa ine anali chitseko chonunkha chimene chinatilanda zonse. Ndinkapemphera kuti Mulungu achite chinachake chachikulu pabwalo pamenepo, anthu onse aone, achite manyazi. Sanachite kanthu. Mphepo inkangowomba, mapepala a pulasitiki n'kumakodwa pawaya woyanikira zovala.

Lamlungu linafika. Amayi anapita kutchalitchi kwathu m'mawa, anakhala kumbuyo, n'kubwerera. Masana tinamva kulira kwa tayala la wilibala pabwalo. Anali alongo awo a aanti, amene m'busa anawauza kuti abwere naye wodwalayo kuti akachire. Anthu amene sanalowepo m'chipindacho nyengo yonseyo anawatulutsa ndi diresi logonera lokha, n'kuwakhazika m'wilibala, miyendo ikulendewera. Ndinali ndisanawaone kuyambira pamene anasiya kudzapala moto. Tsitsi linali litasanduka lofewa ngati la khanda, ndipo maondo anali aakulu kuposa ntchafu. Amayi anangoti, "Awazizidwitsa," n'kukoka bulangete lathu pabedi, n'kuwatsatira. Ine ndinatsatira amayi.

Sitinalowe. Tinaima pawindo la kalasi yanga, pamene galasi linasweka kalekale. M'katimo munadzaza, mukununkha thukuta ndi choko. Aanti anawagoneka pansi kutsogolo, pafupi ndi pamene ndinkakhala ine masiku a sukulu. M'busa anakuwa, womasulira anakuwa, anthu anakuwa. Kenaka m'busayo anagwada n'kuwaika sipika pakamwa. Anati pali munthu amene anawamanga, ndipo akangomutchula, lero lomwelo abwerera kunyumba ndi miyendo yawo. Iye anabwereza, n'kubwerezanso, alongo awo akuwagwedeza mapewa. Milomo yawo inali ndi zilonda, ndipo kupuma kwawo kunkamveka m'sipika. Ndinaona maso awo akuyenda m'chipindamo mpaka anafika pawindo.

"Ni bamai ba mu rumu ya pakati," anatero.

Kalasi yonse inaphulika. Mitu inatembenukira kwa ife. Wina anaponya chitsononkho, wina dothi, ndipo kamwala kanagunda duku la amayi. Amayi analowetsa bulangete pawindo n'kupatsira mayi amene anali pafupi, akuti awafunditse. Mayiyo anabweza manja, bulangete n'kugwera pansi. Tinachoka. Amayi sanathamange ngakhale ana ankatitsatira akuimba, koma anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya mabala ofiira. Titafika anatseka chitseko, n'kukhala pansi, osati pampando, n'kutsokomola nthawi yaitali.

Aanti anabwerera ndi wilibala yomwe ija. Sanayende. Alongo awo anawasiya m'chipinda n'kulengeza pabwalo kuti machiritso akudikira kuti mfiti ichoke. Alandiledi anatumiza mwana wawo kudzanena kuti pofika masana a mawa chipinda chikhale chopanda kanthu. Amayi anatumiza uthenga ku Kanyama kwa amalume, n'kuyamba kumanga ziwiya m'zitenje. Mumtima mwanga munali kachisangalalo koipa. Ndinkati basi zatha, tsopano amayi aona okha munthu amene amamuvutikira.

M'mawa anandidzutsa nthawi ya masiku onse. Anali atagwada pambaula, akufukula phulusa ndi kamtengo. Khala limodzi linali lamoyo. Analiuzira mofatsa, n'kuunjikira zinyenyeswa, n'kutereka chitini. Ndinaona beseni lili panja pa mitolo, losamangidwa.

"Amayi, akutchulani dzulo. Anthu onse amva."

"Ndinalipo," anatero. "Tenga sopo. Lero ulowa."

Asananyamule beseni anatseka maso. Sanapemphere ngati akulu a mpingo aja. Ndinamva mawu ochepa okha: "Ambuye, ndatopa, ndipo mtima wanga sukufuna. Koma ndabwera." Tinadutsa pabwalo anthu akutiyang'ana m'makomo mwawo, mbaula zawo zikufuka.

Fungo la m'chipindamo linandibweza pakhomo, amayi n'kundikankha pamsana. Mawigi anali pamsomali, atachita fumbi. Aanti anali pamatiresi mmene anawaponyera dzulo, ndi dothi la m'kalasi m'zigongono. Atationa anatembenuzira nkhope kukhoma, n'kuyamba kulira. Anayesa kunena kanthu. Amayi anagwada n'kuwauza kuti asalankhule, atopa. "Anakuuzani kuti muyenda," anatero. "Ndani sakanafuna kuyenda?" Za dzulo sananenenso china.

Kenaka anatembenukira kwa ine n'kuyamba kundiphunzitsa, pang'onopang'ono, ngati tili ndi tsiku lonse. Anandimanga mapulasitiki m'manja n'kundiuza kuti ndisamaiwale, ngakhale wodwalayo ndimukonde bwanji. Anandiviikitsa chigongono m'madzi kuti ndidziwe kufunda koyenera. Anati uyambe ndi nkhope, munthu adziwe kuti wabwera kwa iye. Mbali imene sukusambitsa uifunditse. Usakwinye nkhope ngakhale kununkhe, chifukwa wodwala amayang'ana nkhope yako kuti adziwe mmene alili. Uzimulankhula ngakhale asayankhe. Upukute bwino m'makwinya monse, ndipo pamene fupa latulukira upake mafuta. Ndikalakwitsa ankanditi ndibwereze. Ndinkalira mwakachetechete, mwa mkwiyo, ndikufinya kansalu. Pakati pa ntchitoyo amayi anakhala pansi kutsamira khoma kuti apume, thukuta lili pamphumi m'kuzizira konseko, n'kundisiya ndimalize miyendo ndekha.

Titamaliza anawaveka diresi loyera, n'kuwamwetsa phala, n'kuika makala m'mbaula yawo ndi chilata chija. Aanti anagwira nsonga ya chitenje cha amayi osafuna kusiya. Amayi anamasula zalazo chimodzichimodzi n'kuwauza kuti abweranso.

Amalume anafika ndi wilibala dzuwa litakwera. Sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale nkhope yawo inkanena. Katundu wathu yense anakwana ulendo umodzi. Mbaula inali ikadali ndi moto, ndiye amayi anakhuthulira makalawo pakati pabwalo, pamalo oyera, pamene aliyense akanatha kupala. Kamwana ka mkazi wa mmisiri uja kanaima pafupi ndi chilata chake kakuwayang'ana, mayi ake n'kukaitana. Potuluka pageti ndinacheuka, makala anali akufuka okha.

Amayi anabwereradi. Anayenda wapansi kuchokera ku Kanyama, beseni lili pamutu, koma anapeza mwana wa alandiledi ataima pageti ndi anzake. Anayesanso tsiku lina, zinali zomwezo. Anakapempha akulu a mpingo, anakapempha amayi a Lachinayi, ndipo onse anati aona chochita. Nyengo yozizira isanathe, aphunzitsi aja anakumana ndi amalume m'tauni n'kuwauza kuti aanti anamwalira, ndipo anawapeza patapita masiku. Amayi atamva anafunsa funso limodzi lokha, ngati panapezeka wowasambitsa. Amalume sankadziwa. Amayi anatuluka panja n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa linapendeka.

Palibe amene anabwera kudzapepesa. Miyendo ya alandiledi sinaphwe, mwana wawo sanapeze ntchito, ndipo ndinamva kuti m'busa anapeza mzimu wina m'nyumba ina. Amayi anapitiriza kuvala bulauzi yoyera Lachinayi, kutchalitchi china cha ku Kanyama kumene ankakhala kumbuyo, ndipo pasanathe mwezi anali atapeza khomo lina losatuluka utsi. Ine ndimapitabe kutchalitchi, koma ndinene zoona, pali mafunso amene ndinamusungira Mulungu kuyambira nyengo imeneyo, ndipo sanandiyankhebe. Amayi akanandimva akanati ndikuchedwetsa madzi.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti anandilowetsa m'chipinda muja kuti ndione mmene Mkhristu amakhululukira. Mwina zinalimo. Koma ndinali ndi maso, ndipo ndinaona zinthu zimene sindinazilumikize. Ndinaona chitenje chawo chikuzungulira m'chiuno kuposa kale, n'kumati n'chifukwa chodya zitumbuwa zokhazokha. Ndinamva chifuwa chija, n'kumati ndi utsi wa mbaula. Iwo anali atasamalira atate, anali atasambitsa anthu ambiri otere, ndipo ankadziwa chiyambi chake kuposa wina aliyense m'Chawama. Ankadziwanso, atachiona ndi maso awo, chimene makomo a anthu amachita nthawi ikafika. Mvula ya chaka chotsatira inawapeza ali pamphasa m'chipinda cha amalume, ndipo chilata chija ndinachinyamulanso m'misewu ya matope ya ku Kanyama, kufunafuna woti andipalire moto.

Koma m'mawa uja ndinali mwana wokwiya amene ankafuna kutuluka panja kukapuma mpweya wabwino. Titafika pophunzira kutembenuza wodwala, amayi anati umagwira phewa ndi chiuno n'kumukokera kwa iwe, osati kumukankhira kutali. Ndinatambasula manja kwa aanti. Amayi anawagwira manjawo m'njira, ndi mapulasitiki ake onyowawo, n'kuwaika pathupi pawo, lina paphewa lina m'chiuno. Ndinamva fupa pansi pa bulauzi. Ndinadabwa kuti n'chifukwa chiyani akutaya nthawi chonsecho wodwala ali pomwepo akudikira.

"Apa," anatero, akukanikiza zala zanga. "Uzidzagwira apa. Usaope, sindidzalemera."